Lachitatu: Breton m'mawa, Desnos madzulo

M'mawa wonse ndinali pa ndakatulo ya André Breton, mlakatuli wa ku France amene ankatsogolera gulu la alembi ndi ojambula lotchedwa surrealism. Ndakatuloyo ndi L'Union libre, yomwe inatuluka mu 1931 popanda dzina la mlembi. Ndikuimasulira m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa. Breton akutamanda thupi la mkazi chiwalo ndi chiwalo, kuyambira tsitsi mpaka kumapazi, kenako n'kukathera pa maso. Koma matamando ake si awa tinawazolowera. Tsitsi ndi la moto wa nkhuni, chiuno ndi cha katumbu ali m'mano mwa kambuku, lilime ndi la mkate wa Ukalistia wobayidwa mpeni.

Vuto linandipeza pa mawu awiri oyambirira, ma femme. Ife tikanangoti "mkazi wanga" basi, wa ukwati kapena ayi, nkhani yatha. Chingerezi sichilola zimenezo, chimati usankhe wife kapena woman, ndipo omasulira ambiri akale anatenga wife. Ine ndatenga woman, chifukwa mutu wa ndakatuloyi ukunena za anthu ongolowana, opanda ankhoswe, opanda tchalitchi. Sindingawamangitse ukwati anthu amene mlembi wawasiya dala omasuka.

Chimene chinandidyera nthawi kwambiri ndi timawu ting'onoting'ono tiwiri, à ndi de, timene Breton amamangira pafupifupi mzere uliwonse. Iye sakunena kuti tsitsi likufanana ndi moto. Akungolumikiza tsitsi ndi moto, n'kupitirira. Dzanja langa linkafuna kulowetsapo like kuti chiganizo chiyende bwino, koma ndikatero ndakatuloyo ikusanduka ya mnyamata wofunsira mbeta, yodzaza ndi mafanizo okoma. Ndasiya with ndi of zibwerezeke mpaka pansi, ngakhale zikulemera m'kamwa. Kubwereza komweko ndi kumene kumapangitsa ndakatuloyi kumveka ngati mapemphero a litaniya, ndipo ndikukhulupirira kuti Breton ankachitira dala.

Masana kunabwera mnzanga amene amaphunzitsa Chingerezi kusekondale. Ndinamuwerengera mzere wotchuka wa mu 1929 wa Paul Éluard, mlakatuli wina wa gulu lomweli, wonena kuti dziko lapansi ndi labuluu ngati lalanje. Anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, lalanje labuluu munaliona kuti? Bwanji osawonjezera kuti ndi lobulungira, owerenga amve?" Ndinamuuza kuti Éluard anayankha kale funso limenelo mu mzere wotsatira, pomwe akuti palibe cholakwika, mawu sanama. Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Iye akuti ntchito ya womasulira ndi kuthandiza owerenga. Inenso ndikuvomera, koma apa kuthandiza kwake ndi kumusiya munthu akumane ndi chodabwitsacho monga anakumana nacho wa ku Paris. Galamala ya Éluard ndi yophweka, mwana wa Fomu 2 wophunzira Chifalansa angaiwerenge. Chachilendo chili pa zinthu zimene waziika pamodzi, ndipo ukangozifotokozera wazipha.

Atapita ndinatsegula zomasulira za anthu oyambirira. David Gascoyne anali ndi zaka 19 zokha pomwe anatulutsa buku lofotokozera Angerezi za gulu limeneli mu 1935, patangopita zaka 11 Breton atalemba chikalata chake choyamba cha surrealism. Chaka chotsatira kunachitika chionetsero chachikulu cha zojambula za gululi ku London, ndipo kunatulukanso Thorns of Thunder, ndakatulo za Éluard m'Chingerezi, Samuel Beckett ali mmodzi mwa omasulira. Chingerezi chawo pena chimauma, koma ndimawalemekeza chifukwa sankaweta chinthu chimene chinabadwa cholusa.

Madzulo ndinayesa Robert Desnos, ndipo apa mfundo yanga ya tsiku lonse sinagwire ntchito. Mu 1922 anzake ankasonkhana usiku, iye n'kugona tulo ta mtundu wina, n'kumayankhula ndi kulemba ali momwemo. M'menemo munatuluka timizere ta Rrose Sélavy, dzina lopeka limene anabwereka kwa wojambula Marcel Duchamp. Timizereti timayenda posinthanitsa maphokoso a mawu, chilembo cha apa kupita apo, tanthauzo n'kugubuduzika. Ukatsata tanthauzo, phokoso lafa. Ukatsata phokoso, walemba zako. Pa Breton kukhulupirika kunali kusawonjezera kanthu, koma pa Desnos ukapanda kupeka masewera ako m'Chingerezi, owerenga sapeza chilichonse.

Zimandipweteka kuganiza kuti munthu wosewera ndi mawu chonchi anathera kumene anathera. A Gestapo, apolisi achinsinsi a ku Germany, anamugwira mu February 1944 chifukwa cholimbana ndi ulamuliro wa Nazi mobisa. Anadutsa m'misasa ya akaidi ya Auschwitz, Buchenwald ndi Flöha, n'kukamwalira ndi matenda a typhus ku msasa wa Terezín pa 8 June 1945, msasawo utamasulidwa kale. N'chifukwa chake sindikufuna kumudumpha ati poti ndi wovuta.

Ndaganiza zotere: timizere ta Rrose Sélavy ndiika Chifalansa chake kumanzere, kumanja masewera anga a Chingerezi, ndipo ndilemba poyera kuti a kumanjawo ndi opeka ine potsanzira njira yake. Mnzanga uja ndamutumizira titatu pa WhatsApp kuti mawa akawerengere ophunzira ake mokweza, andiuze ngati pali kamene kawaseketsa.