Laser yosaoneka ndi tayi wa amalume

Ku Zomba, komwe ndinachita physics, laser imene ndinkaidziwa inali ya helium-neon, ija yoponya kadontho kofiira pa 632.8 nm (nm ndi muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala), yofatsa. Nditapita ku South Africa kukachita masitazi ndinakumana ndi ina, Nd:YAG, ya 1064 nm. Diso la munthu limathera cha pa 700 nm, ndiye kuwala kwa imeneyi sikuoneka m'pang'ono pomwe. Timachita kukusaka ndi kakhadi kamene kamayaka kuwalako kukakagunda. Ngakhale sikuoneka, kumawotcha, n'chifukwa chake mu labu wotchi, mphete ndi chilichonse cholendewera umasiya pakhomo.

Tsiku lina kunabwera alendo othandiza ndi ndalama za kafukufuku. Anthu a ndalama ndiwalandire ngati ndikupita kudimba? Ndinatulutsa tayi wofiira wa poliyesita amene amalume anandibwereka ponyamuka, akuti, "Mphwanga, munthu wophunzira amaonekera pakhosi."

Kufotokoza ndinafotokoza bwino, zimenezo musandilande. Kuwala kumachoka apa, kugunda magalasi awiri, n'kulowa m'kamwala kotchedwa KTP, komwe kamadula 1064 pakati n'kutulutsa kobiriwira kwa 532 nm. Alendo, aliyense ali ndi magalasi oteteza maso, ankangogwedeza mitu. Mtima unakula. Ndinawerama patebulo kuti ndiwalozere kamwalako.

Mita yoyezera mphamvu ya kuwalako inagwa mpaka ziro.

Ine osatekeseka. Ndili chiweramire, ndinayamba kuwaphunzitsa kuti kamwalaka kakatentha kamachita matama, n'zodziwika kwa ife akatswiri. Mayi wina anayamba kununkhiza. Kenako bambo wa pambali pake. Fungo lake linali ngati wina waponya jumbo pambaula, ndipo ndinayang'ana mnzanga wa PhD ndi diso lomufunsa kuti wasiya chiyani choyaka. Iye ankandiloza pachifuwa, kukamwa kuli yasa. Ndinaganiza kuti akuyamikira tayi.

Aprofesa anadumpha n'kumenya batani lofiira lozimitsira. Ndiye ndinauona utsi, ukukwera mwaulemu kuchokera pachifuwa panga.

Alendo atatuluka, ena akupukuta misozi, ndinadikira kukalipiridwa. Aprofesa anangotambasula dzanja. Ndinavula tayi n'kuwapatsa. Anamuyala patebulo, anatenga vernier, kachida koyezera tinthu tating'ono, n'kuyeza kabowoko mbali ziwiri mosamala kwambiri.

"Si kozungulira bwino," anatero. "Galasi lachiwiri lapendekeka. Ulikonze usanaweruke."