Mphindi zisanu pa mkeka, foni isanalankhule

Pa kusinkhasinkha mwabata, kumene ena amakutcha meditation, chovuta si kukhala chete. Chovuta ndi kubwereranso pa mkeka mawa, mkuja ndi mtondo. Ndifotokoza mmene ndimachitira kuti chizolowezichi chisafe.

Nthawi yake sindiimangirira pa wotchi. Ndimaimangirira pa chinthu chimene ndimachita kale osachita kukumbutsidwa: ndikangosukusula, ndimakakhala pansi. Ola limasuntha, lero magetsi azima, mawa madzi afika pampopi m'bandakucha ndipo muli pamzere ndi zigubu, koma kusukusula sikusuntha. Kuno ku Lilongwe m'mawa mumaposa madzulo, bola mulawirire. Ku Kawale, ku Mchesi kapena ku Area 25, 6 koloko ikamakwana mahutala a minibasi ayamba, wailesi ya aneba yatsegulidwa, ana akufuna phala. Madzulo nako, mimba ikadzaza nsima, munthu amangowodzera.

Foni ndimazimitsa data ndisanagone. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp, kaya wa maliro kaya wa ngongole ya banki m'khonde, ndi wokwanira kulanda mphindi zisanu zonse. M'mawa ndimangotchera alamu ya kaphokoso kofewa, n'kuivundikira patali poti mkono sufika.

Kakhalidwe kamagwetsa anthu ambiri sabata yoyamba. Pa mkeka ndimakhalira bulangete lopinda kanayi, kuti chiuno chikwere pang'ono kuposa mawondo. Popanda chimenecho msana umapindika ndipo miyendo imachita dzanzi. Mpando ulibenso vuto, bola mapazi onse apondetse pansi ndipo musatsamire. Manja pa ntchafu, maso otsinzina kapena oyang'ana pansi chapafupi. Mu June ndi July ndimafunda, koma mbaula sindilowetsa m'chipinda chotseka: makala amatulutsa mpweya woipa wosanunkha umene umapha, ndipo tulo take mutha kutiyesa bata. Nyengo ya mvula, udzudzu ukachuluka, ndimakhala mkati mwa neti momwemo.

Ndikakhazikika, kupuma katatu koyamba ndimakutalikitsa dala: polowetsa mpweya ndiwerenga mpaka 4, potulutsa mpaka 6. Mtima umagunda pang'onopang'ono pamene mpweya ukutuluka, n'chifukwa chake kutulutsa motalika kumakhazika mtima pansi. Kenako ndimausiya mpweya uziyenda wokha, ine n'kumangowerenga ukamatuluka, kuyambira 1 mpaka 10, n'kuyambiranso.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Musanafike pa 4, maganizo adzakhala atapita ku lendi, ku sukulu fizi, ku mawu amene bwana analankhula dzulo. Nthawi zina mudzadzidzimuka mukuwerenga 17. Ambiri amati "mutu wanga sukhala chete, izi si zanga", n'kusiya. Komatu kuzindikira kuti mwasochera n'kubwerera pa 1, ntchito yake ndi imeneyo. Kubwerera kakhumi pa mphindi zisanu ndi tsiku labwino ndithu. Ndimabwerera osadzikalipira, pakuti kudzikalipira ndi ganizo linanso lokokera kutali. Phokoso la panja sindilimbana nalo: tambala walira, ndamva, ndabwerera pa mpweya.

Amene kuwerenga sikuwayanja atha kubwereza liwu limodzi potulutsa mpweya. Herbert Benson, dokotala wa mtima wa ku Harvard, anafotokoza njira imeneyi m'buku lake la 1975, ndipo analangiza mphindi 10 mpaka 20, osati mutangotha kudya. Wopemphera angasankhe mawu aafupi a m'chikhulupiriro chake. Wina angangoti "bata".

Mphindi sindiwonjezera msanga. Masabata awiri oyamba 5, kenako 8, mwezi ukatha 10. Maphunziro a kusinkhasinkha amene Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 ku University of Massachusetts, ku America, amafuna mphindi 45 patsiku kwa masabata 8, koma kumeneko kumakhala mphunzitsi ndi gulu. Munthu ali yekha kunyumba akayamba ndi 45, Lachinayi silifika.

Ndikamaliza ndimachonga pa kalendala ya pakhoma, pamalo oonekera. Zoti chizolowezi chimakhazikika m'masiku 21 musazidalire. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsata anthu 96 amene ankayamba zizolowezi zatsopano, ndipo anapeza kuti pakatikati pake panali masiku 66, ena 18, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa zomwe mwamanga. Choncho ndikaphonya sindilipira ndi mphindi zowirikiza. Ndimangoonetsetsa kuti ndisaphonye masiku awiri otsatizana. Tsiku la kumaliro kapena la ulendo wakumudzi, kupuma kakhumi ndili pa mpando wa basi kumakwanira kuti ndichonge.

A m'nyumba ndimawauza poyera kuti mphindi zimenezi ndi zanga, kuti asayese ndadwala kapena ndakwiya.

Kwa ena, makamaka amene anakumanapo ndi zoopsa kapena angoferedwa kumene, kutsinzina ndi kumvetsera mpweya kumadzutsa mantha, mtima n'kumathamanga. Zikatero tsegulani maso, mumve mapazi akuponda pansi, mutchule zinthu zisanu zimene mukuziona m'chipindamo, muimirire. Zikabwereza masiku angapo, siyani kaye ndipo mukawafotokozere achipatala.