Chitini cha amalume

Ndi chitini cha mabisiketi, chadzimbiri m'mbali, ndipo chivindikiro chake chimafuna mpeni kuti chitseguke. Muli makalata 9 ndi zithunzi za akatswiri a mafilimu akale. Amalume anandisiyira ine chifukwa mwa adzukulu ndi aphwawo onse, ndine ndekha amene ndinkakhala pansi kumvetsera akamafotokoza.

M'zaka za m'ma 1960 ankagwira ntchito yophika ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Loweruka likafika, ulendo wa kukanema. Wosewera akawagwira mtima, ankakopera adiresi ya situdiyo m'magazini, n'kupempha mnzawo wodziwa Chingerezi kuti awalembere kalata yopita ku Hollywood. M'envulopumo ankaikamo kakuponi ka kupositi ofesi kolipirira yankho. Kenako kudikira miyezi. Ambiri sanayankhe. Charlie Chaplin, amene ankamukonda koposa, anamulembera kawiri osadziwa kuti munthuyo anachoka ku America mu 1952 ndipo ankakhala ku Switzerland, komwe anamwalirira mu 1977.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itakula kuno ku Angónia tinathawira ku Dedza. Amayi anasenza mapoto ndi ufa, amalume anakulunga chitinichi m'bulangete. Chinabwerera nafe ku Ulónguè utasainidwa mgwirizano wa mtendere ku Rome mu 1992.

Nditayamba kuwerenga za kusonkhanitsa masiginecha a akatswiri a mafilimu pa intaneti, mtima unandipweteka. Masitudiyo ankalandira makalata ochuluka zedi, ndiye ankangotumiza zithunzi zomwe siginecha yake inasindikizidwira limodzi ndi chithunzicho. Kuzindikira kwake n'kosavuta: tulukani nacho panja, muchipendeketse padzuwa. Inki yeniyeni imakhala pamwamba pa pepala ndipo imanyezimira mwayokha, pomwe yosindikiza imamira m'chithunzimo. Zina ankasaina ndi alembi a mu ofesi kapena achibale. Wosewera wina wamkazi, Jean Harlow, amene anamwalira mu 1937 ali ndi zaka 26, zithunzi zake zambiri ankasaina ndi amayi ake. Palinso makina otchedwa autopen, ogwira cholembera ngati dzanja. Mzere wake sunenepa kapena kuwonda, ndipo masiginecha awiri mukawasanjikiza amagwirizana ndendende, zomwe dzanja la munthu silingachite. Ogulitsa zachinyengo amagwidwanso ndi cholembera. Bolopeni inafala kuyambira 1945, choncho wina akakuonetsani siginecha ya Harlow ya bolopeni, bwezani ndalama m'thumba.

Ndinayesa zonse za m'chitinimo chimodzichimodzi pakhonde, m'mawa wina wa mu Julaye kukuzizira. Zosindikiza, zosindikiza, ya mlembi, yosindikiza. Yeniyeni inapezeka imodzi.

Si ya munthu wotchuka ayi. Ndi ya wosewera wina wa mafilimu a makaubo, mwa aja oima kumbuyo kwa mwini filimu, n'kuomberedwa nkhani isanafike pakati. Analemba mizere inayi ndi inki yabuluu, kuthokoza, n'kufunsa ngati kwathu kuli akavalo. Liwu limodzi analakwitsa, analikhwatcha n'kulembanso pamwamba. Mukatembenuza pepalalo n'kuyendetsa chala kumbuyo kwake, mumamva timizere totukuka momwe anasindikiza cholembera. Pamenepo ndinakumbukira kuti amalume maso atafooka, kalata imene ankaitanitsa inali yomweyi. Ankaisisita kumbuyo n'kunena kuti, "Mphwanga, uyu anakhala pansi chifukwa cha ine."

Ine makalata ndimawakonda kuposa zithunzi pa chifukwa chimenechi. Chithunzi munthu amasaina ali chiimire, koma kalata imafuna mpando ndi maganizo.

Kusunga kwake n'kumene kumandidetsa nkhawa. Dzinja la kuno chinyezi chimalowa paliponse, mphemvu zimadya guluu wa maenvulopu, chiswe nacho sichigona. Ndinachotsa timapini tonse ta stepula chifukwa tinkasiya dzimbiri. Kalata ina amalume anaimata ndi selotepi, pano pali chipsera chachikasu chosachoka, ndiye musayerekeze. Iliyonse ndinaiika pakati pa mapepala oyera, ndipo sindipachika pakhoma poti dzuwa limafufuta inki.

Pali kalata imodzi m'chitinimo yomwe ndi yanga. Ndinalembera Sidney Poitier, mwamuna wakuda woyamba kulandira mphoto ya Oscar ya wosewera wamkulu, mu 1964, kumuuza mmene amalume ankanyadira akamamuona pa kanema. Ndinkadikira kupeza adiresi yodalirika komanso wopita ku Tete kuti akanditumizire. Anamwalira mu Januwale 2022, envulopu ndisanamate.