Ndafika pachilumba cha Bled osakwera boti

Loweruka lachiwiri la Julayi, miyezi 30 chiyambireni kuphunzira kusambira.

Mu Januwale 2023 ndinali nditakakamira khoma la dziwe losambiramo ku Leeds, ku England, ndikuuzira thovu m'madzi limodzi ndi ana a zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinakulira ku Ntchisi, kumene madzi ambiri omwe ndinkawadziwa anali a m'ndowa. Titapita ku Senga Bay paulendo wa sukulu ndinangonyowetsa akakolo, poti mayi anali atandilumbiritsa kuti ndisayerekeze. Kuyambira Malichi 2025 ndakhala ndikutha maulendo 40 osaima m'dziwe la mamita 25, yomwe ndi kilomita yathunthu. Koma dziwe lili ndi khoma, lili ndi mzere wakuda pansi wokulondolera njira, ndiponso pali mnyamata wa wezulo amene amakuyang'anira. Chomwe chinatsala ndi madzi opanda zonsezo.

Ndinasankha nyanja ya Bled ku Slovenia chifukwa ndi yaing'ono ndipo ili ndi polowera pooneka ndi maso: kachilumba pakati, tchalitchi pamwamba pake. M'litali ndi makilomita awiri ndi pang'ono, pozama kwambiri ndi pafupifupi mamita 30. Bambo a kunyumba, omwe kwawo ndi ku Nkhotakota, ataiona anaseka. Akuti kwawo ili ndi thamanda lomwetsapo ng'ombe. Ndinawasiya aseke. Kwa munthu woti mapazi ake sanasiyanepo ndi nthaka, mamita atatu ndi mamita 700 a nyanja ya Malawi n'chimodzimodzi, konseko suponda pansi.

Tinadzuka mbandakucha n'kuyenda wapansi kupita ku Velika Zaka, kumadzulo kwa nyanja, kumene chilumba chimayandikira gombe. Nkhungu inali itagona pamadzi, nsanja ya tchalitchi yokha ikuoneka ngati yalendewera m'mwamba, ndipo kuseri kwake kunali mapiri a Karavanke. Anyamata ampikisano wopalasa anali atayamba kale kudutsa ndi timaboti tawo toonda ngati nsungwi. Kuno masewerowa ndi nkhani yaikulu: mpikisano wa dziko lonse unachitikira pano kanayi, mu 1966, 1979, 1989 ndi 2011. Ndinadikira kuti athe kaye, chifukwa opalasawo amakhala chofulatira kumene akupita ndipo mutu wa munthu m'madzi sauona.

Pangano linali loti bambo abwereke boti lamatabwa azindiperekeza pambali, zovala ndi madzi akumwa zili momwemo. Apa ndi pamene mwana wa ku Nkhotakota anachita manyazi. Bwato lakwathu umakhala moyang'ana kutsogolo, nkhafi imodzi m'manja. Ili lili ndi nkhafi ziwiri zomangirira m'mbali, ndipo umakhala chofulatira. Anazungulira pamalo amodzi katatu, akudandaula kuti boti ndi lopindika. Ine ndili m'madzi ofika m'chiuno, tsemwe lili thupi lonse, ndikuseka mpaka mantha anachepako.

Madzi sanali ozizira monga ndinkaganizira. Pomva mawu oti nyanja ya m'mapiri a Alps ndinkayembekeza madzi oumitsa mano, koma Bled ili pamalo otsikirapo, mamita 475 okha kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, ndipo ili ndi akasupe ofunda. Mphindi ziwiri zoyamba chifuwa chinathina, kenaka thupi linavomera. Ndinamanga m'chiuno kathumba koyandama ka mtundu wa olenji, ndinavala magalasi, n'kuyamba.

Mamita 100 oyamba ndinkaona pansi, timiyala ndi tinsomba. Kenaka pansi panangosowa. Panatsala kubiriwira kokhakokha, kuwala kwa dzuwa kukulowa ngati mizere n'kukathera kumdima. Mtima unagunda ngati ng'oma ya chimtali. Ndinali nditawerengapo kuti m'nyanja muno muli milamba ikuluikulu, ina yotalika ngati munthu, ndipo maganizo amenewo anasankha nthawi yomweyo kundiyendera. Ndinasiya crawl, kasambiridwe kachafufumimba kopalasa ndi manja mosinthanasinthana, ndinatembenuka chagada, ndinakumbatira kathumba kaja.

"Mayi, mukwere?" anafunsa bambo, boti litapingasa.

"Ayi bambo, ingokhalani pafupi. Musandilankhulitse."

Ndinawerenga mpweya 20 ndikuyang'ana kumwamba, monga anatiphunzitsira. Kenaka ndinayamba kasambiridwe ka chule, mutu uli kunja, mpaka mapewa atamasuka, ndipo pamenepo ndinabwerera ku crawl nditatsinzina pang'ono kuti ndisaone kubiriwira kuja.

Vuto lenileni linali lina, ndipo ndi limene ndikufuna kulemba bwino kuti ndisaiwale. Sinditha kuwongola njira. M'dziwe mzere wakuda umandiwongolera ine osadziwa. Kuno ndinkapuma kudzanja lamanja lokha, ndipo dzanja lamanzere likamalowa m'madzi linkadutsa pakati pa thupi, choncho ndinkakhotera kumanja pang'onopang'ono ngati ngolo ya ng'ombe imodzi yaulesi. Ndikadzutsa mutu, nsanja yomwe inali patsogolo panga yapita kumanzere. Ndinayesa kudzutsa maso pakapalasidwe kachisanu ndi chimodzi kalikonse, koma ndikatero miyendo inkamira ndipo ndinkamwa madzi. Kawiri ndinatsamwa. Wotchi yanga inawerenga mamita 710 pamphindi 27, ndipo mzere womwe inajambula ukuoneka ngati njira ya njoka pamchenga. Bambo akuti ndikanawongola ndikanafika kalekale.

Koma ndinafika. Dzanja linagunda thabwa la padoko, ndinaligwira, osafuna kulisiya. Pambali panali pataima pletna, boti lalikulu lokhala ndi denga la nsalu lomwe limanyamula alendo. Wopalasa wake amaimirira kumbuyo ndi nkhafi ziwiri, akuyang'ana kutsogolo, ndipo ntchitoyi imayenda m'mabanja, kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana, kuyambira nthawi ya mfumukazi Maria Theresa ya ku Austria, m'zaka za m'ma 1700. Bambo anamuyang'anitsitsa munthuyo n'kunena kuti uyu yekha ndiye akupalasa mwanzeru panyanja yonseyi.

Ndi zovala zosambirira sulowa m'tchalitchi, choncho ndinadzipukuta, ndinavala bulauzi, n'kumanga chitenje. Makwerero opita pamwamba ndi 99, amiyala. Mwambo wa kuno ndi woti mkwati anyamule mkwatibwi kukwera onsewo, mkwatibwiyo ali chete. Ndinawayang'ana bambo. Anati msana wawo unathera paboti, ndiponso za kukhala chete kwa ine sakuzikhulupirira. Ndinakwera ndekha, mawondo akunjenjemera, ndikupuma pamakwerero khumi alionse. M'katimo muli chingwe cha belu la m'chaka cha 1534, lomwe anthu amaliza katatu akupempha chakukhosi kwawo. Ndinakoka, koma manja anali atalefuka moti linangolira mwamanyazi.

Pobwerera ndinakwera boti. Ndinali nditaganiza zosambira ulendo wonse wopita ndi kubwera, koma mwendo wamanzere unayamba kukokana pakatumba ndipo maboti anali atachuluka. Pofika 10 koloko nyanja inali itasanduka msika: ma pletna motsatizana, achinyamata oimirira pamatabwa opalasa, aliyense foni m'mwamba. Amene akufuna kusambira kuno alawirire, apo ayi adzakhala akuzemba nkhafi za anthu osadziwa kupalasa ngati ena aja.

Masana tinayenda pang'ono m'njira yozungulira nyanja, yomwe yonse ndi makilomita 6. Nyumba yachifumu yakale ili pathanthwe mamita 130 pamwamba pa madzi, ndipo inatchulidwa koyamba m'zolembedwa mu 1011. Ndinaiyang'ana ndili pansi, miyendo inakana. M'malo mwake tinakhala pansi n'kudya kremšnita, keke ya kuno yomwe yakhala ikuphikidwa ku Hotel Park kuyambira 1953: kasitadi wachikasu, kirimu pamwamba, mapepala a ufa okhukhuta kumwamba ndi kunsi. Masiku ena ndikanati yatsekemera mopitirira. Tsiku limeneli ndinadya yanga ndi theka la ya bambo.

Madzulo ndinawatumizira mayi chithunzi pa WhatsApp, kamutu kanga kali pakati pa madzi. Anayankha ndi mawu ojambula, kufunsa ngati apongozi awo anali pafupi komanso ngati kulibe ng'ona.

Lachiwiri ndibwerera kudziwe. Maulendo khumi oyamba ndizipuma kumanzere kokha, ndipo anayi omaliza ndizisambira nditatsinzina kuti ndione kuti ndigunda chingwe cholekanitsa njira za osambira pamita yachingati.