Kugulitsa chambo ndi tchipisi kutali ndi nyanja

Alamu anga atatsegula kanyumba kogulitsiramo nsomba yokazinga ndi tchipisi pa boma la Kasungu, anandipempha kuti ndiziwasungira mabuku a ndalama, popeza iwo amakhala otanganidwa ndi moto ndi mafuta kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mwezi woyamba utatha, mabukuwo anaonetsa chinthu chimene tonse tinkachidziwa koma osafuna kuchitchula: tchipisi chinkatha tsiku lililonse, pamene nsomba zinkatsala, ndipo zotsalazo tinkadya tokha kunyumba mpaka ana anayamba kufunsa ngati nyemba zinatha pamsika.

Maganizo a alamuwo anali oti tilembetse chikwangwani chachikulu, tibwereke zimkuzamawu zoti ziziimba pakhomo Loweruka lililonse, ndiponso tilipire uthenga pa wailesi. Ine ndinawapempha kuti tiyambe tafunsa chifukwa chimene munthu amafika pakhomo pathu, n'kugula tchipisi, koma nsomba n'kungoiyang'ana. Yankho silinali lovuta kulipeza, chifukwa ogulawo ankalinena okha, ena mwaulemu ena mosabisa mawu. Funso lawo linali limodzi: “Nsombayi ndi ya liti?” Munthu wa ku Kasungu anakulira usipa wouma, utaka ndi mlamba wowamba, ndipo amadziwa bwino kuti nyanja ili kutali, makilomita opitirira 100 kudzera mumsewu wa M18 wopita ku Nkhotakota, umene umadutsa m'nkhalango yosungirako nyama. Amadziwanso kuti magetsi amazima, ndi kuti firiji yopanda magetsi ndi kabati chabe. Kukayika kwake ndi koyenera, ndipo chimkuzamawu sichingakuchotse. Chimangoitana anthu ambiri kuti adzakayikire limodzi.

Pa tchipisi pokha sitikanapambana. Anyamata a chiwaya ali pakona iliyonse, salipira lendi ya nyumba, ndipo ali ndi makasitomala awo amene amawadziwa mayina ndi kuwakongoza. Chimene tinali nacho chosiyana ndi iwo chinali nsomba yaiwisi ya kunyanja, choncho kutsatsa kwathu konse kunayenera kuzungulira pa nsombayo ndi pa umboni woti ndi yatsopano.

Choyamba chimene tinachita chinali kusiya kugulitsa nsomba tsiku lililonse. Alamu anadabwa kwambiri, nati, “Alamu, mukufuna kuti malonda akule pochepetsa masiku?” Koma tinagwirizana ndi mayi wina amene amapikula nsomba kugombe ku Nkhotakota kuti azititumizira katatu pa mlungu, m'mabokosi odzaza ayisi, ndipo masiku atatuwo tinawalemba ndi choko pabolodi lakuda pakhomo. Nsomba zikafika sitizibisa kuseri. Timaziika patebulo loyera pakhomo penipeni, pa ayisi, pansi pa ukonde wotchinga ntchentche, kuti wogula asankhe yekha yomwe akufuna, aone maso ake owala, atsegule makha aone kufiira kwake, ndipo akhudze mnofu amve kulimba kwake. Akasankha, imapalidwa mamba ndi kutumbulidwa iye akuona. Amayi ambiri amene poyamba ankangodutsa tsopano amaima, chifukwa kuyesa nsomba ndi luso limene amanyadira nalo, ndipo mayi akaiyesa n'kuivomereza pamaso pa anzake, watigwirira ntchito imene wailesi sikanatha. Masiku opanda nsomba yaiwisi timanena mosabisa kuti lero kuli usipa wokazinga ndi mazira basi. Anthu ena amabwerera, koma amabweranso pa tsiku lolembedwa pabolodi lija.

Pano ndiyenera kunenapo za maonekedwe a chakudyacho. Ku Britain, kumene chakudya chimenechi chinatchukira m'zaka za m'ma 1800, nsomba amaichotsa mutu ndi minga, n'kuviika mnofu wokhawokha mu ufa wosakaniza ndi madzi asanakazinge, ndipo pamwamba amathirapo mchere ndi viniga. Mnzathu wina amene anakhalako kunja anatilangiza kuti tichite chimodzimodzi kuti malo athu aoneke apamwamba. Tinayesa mlungu umodzi, ndipo ogula anatifunsa kumene tinataya mitu. Kwa Mmalawi, chambo chopanda mutu ndi chambo chobedwa, ndiponso mnofu wokutidwa mu ufa umabisa mtundu wa nsomba, zomwe zimabweretsanso kukayika kumene tinkafuna kuchotsa. Tinabwerera ku nsomba yathunthu, yochekedwa mizere m'mbali kuti mchere ulowe, ndi saladi ya kabichi, tomato ndi anyezi, ndi tsabola wa kambuzi amene mkazi wa alamu amasinja yekha. Botolo la Nali limakhalapo patebulo kwa amene analizolowera, koma tsabola wosinja uja ndi amene anthu amamutchula akamalondolera anzawo.

Foni inabwera pambuyo pa zonsezi. Mabokosi akangotsitsidwa, mwana wa alamu amajambula nsombazo zili pa ayisi n'kuika chithunzicho pa WhatsApp, ndi mawu ochepa onena mtundu, mtengo ndi nthawi imene mafuta atenthe. Tinapempha manambala kwa ogula okhazikika, makamaka ogwira ntchito m'maofesi a boma, m'mabanki, kuchipatala ndi aphunzitsi, ndipo tinawalonjeza kuti tiziwatumizira uthenga pa masiku a nsomba okha. Lonjezo limeneli ndi lofunika kulisunga, chifukwa munthu amene foni yake imalira tsiku lililonse ndi zotsatsa amatopa n'kukutsekera. Tsamba la Facebook tili nalo, koma kunena zoona limabweretsa anthu oyamikira chithunzi ali ku Blantyre kapena ku Johannesburg, osati anthu a njala amene ali pafupi ndi chiwaya chathu. Kulandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba kunathandiza kwambiri, popeza munthu amalipiriratu ali pantchito, nsomba yake n'kuikidwa pambali, ndipo ife timadziwiratu kuchuluka kwa zoti tikazinge.

Amene amanyamula chakudyacho kupita nacho kumaofesi ndi anyamata a kabaza, ndipo iwowa ndi amene ndimawaona ngati wailesi yeniyeni ya tauni ino. Mlendo akatsika basi n'kufunsa kumene angadye, safunsa chikwangwani, amafunsa amene wamukweza panjinga. Tinasankha anyamata anayi a pasiteji yapafupi, amene timawalipira pa ulendo uliwonse, ndipo tsiku limene abweretsa makasitomala amalandira mbale ya tchipisi ndi mutu wa nsomba. Munthu amene analawa chakudya amachifotokoza mosiyana ndi amene anangouzidwa kuti azichitchula.

Kasungu ali pamsewu wa M1, pafupifupi makilomita 130 kuchokera ku Lilongwe, ndipo mabasi opita ku Mzuzu amaima pano. Alamu ankalakalaka kwambiri apaulendo amenewa, koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wapaulendo alibe nthawi yosankha nsomba ndi kudikira kuti ipse, ndipo sadzabweranso mawa. Tinawakonzera timaphukusi ta usipa wokazinga ndi tchipisi tomwe mnyamata amapita nato kudepoti, koma sitinalole kuti malonda onse adalire iwo. Okhazikika athu ndi anthu a m'tauni momwemuno, amene akakhumudwa tidzakumana nawo kutchalitchi kapena pamaliro.

Chimene mabuku anandiphunzitsa kwambiri ndi chakuti ndalama za ku Kasungu zili ndi nyengo yake, ndipo kutsatsa kosatsata nyengoyo ndi kuthira madzi mudengu. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, alimi akayamba kugulitsa ku Chinkhoma, tauni imasintha nkhope. Bambo amene chaka chonse wadya nsima ya masamba amabwera kubanki, ndipo akatuluka amafuna kudyetsa banja lake chinthu chosaiwalika. Pa nyengo imeneyi timaitanitsa nsomba zikuluzikulu, chambo ndi kampango, ndipo timakonza mbale yaikulu ya banja lonse, yoti anthu anayi kapena asanu adyere pamodzi. Mlimi wotereyu sawerenga uthenga wa pa WhatsApp kawirikawiri, choncho apa ndi pamene uthenga wa pa wailesi ya m'dera, umene alamu ankaufuna kuyambira pachiyambi, unapeza malo ake, ndipo ndinavomereza kuti pa mbali imeneyi iwo anali olondola. Miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, nkhani imatembenuka. Timadula nsomba pakati, theka la kumutu ndi theka la kumchira, kuti munthu wa ndalama zochepa asachite manyazi kulowa. Kumapeto kwa mwezi, ogwira ntchito akalandira malipiro, timaonjezera katundu. Pakati pa mwezi timachepetsa. Lachisanu la nyengo ya Lenti, pamene Akatolika amasala nyama, ndi tsiku limene silifuna kutsatsa kwina koposa kukumbutsa anthu kuti nsomba yafika.

Nyanja nayo ili ndi nyengo zake, ndipo wogulitsa nsomba ayenera kuzifotokozera makasitomala ake m'malo mozibisa. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera ikaomba, asodzi salowa m'madzi ndipo mabokosi amabwera opepuka. Usipa umagwidwa usiku ndi nyali, motero mwezi ukawala kwambiri umasowa ndipo mtengo umakwera. Chakumapeto kwa chaka boma limaletsa makoka ena panyanja kuti chambo chiswane. Pa nthawi zoterezi timagula nsomba zoweta m'maiwe, makumba ndi chilunguni, ndipo pabolodi timalemba mayina ake enieniwo. Kugulitsa makumba pa dzina la chambo ndi chinyengo chofala, koma tauni ino ili ndi anthu ambiri ochokera kunyanja amene amazindikira nsomba asanaiike pakamwa, ndipo mmodzi akakugwira bodza, mawa lake msika wonse wamva.

Mtengo ndi umene unativutitsa koposa. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira ndi mtengo wonyamulira katundu zinakwera mosaneneka. Chiyeso chinali choti tizikazingira mafuta omwewo kwa masiku ambiri, monga amachitira ena. Koma fungo ndi limene limaitana munthu wodutsa mumsewu, ndipo mafuta akuda, opsa, amanunkha patali ndi kusiya kuwawa pammero. Tinasankha kukweza mtengo pang'ono ndi kufotokozera ogula chifukwa chake, ndiponso kupatula chiwaya cha nsomba ndi cha tchipisi, kuti wogula tchipisi chokha asamve fungo la nsomba m'chakudya chake. Mbatata ya kachewere timaipikula kwa amalonda ochokera nayo ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mchinji, ndipo ikatchipa nthawi yokolola timadzaza mbale osakweza mtengo, zimene ogula amaziona msanga kuposa kuchotsera kwina kulikonse.

Za ukhondo sindichulutsa mawu. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unachititsa anthu kuyang'ana kawiri asanadye saladi yaiwisi. Ndowa ya mpopi ndi sopo zili kutsogolo kumene aliyense akuziona, chiphaso cha khonsolo chili pakhoma, ndipo wogwira ndalama sagwira chakudya. Zokulungira ndi mapepala oyera amene timadindapo dzina la malo ndi nambala ya foni, chifukwa majumbo opyapyala ndi oletsedwa, komanso pepala lodindidwalo limakafika patebulo la mu ofesi pamene anthu ena asanu aliwerenga.

Zina zimene tinayesa sizinaphule kanthu. Mpikisano woti wogula kakhumi alandire mbale yaulere unatha ndi mikangano ya timakadi totayika. Kuonetsa mpira pa kanema kunadzaza mabenchi ndi anyamata amene ankagula botolo limodzi la chakumwa n'kukhala maola awiri akukangana za Bullets ndi Wanderers, pamene mabanja amene akanagula nsomba ankabwerera pakhomo chifukwa cha phokoso. Kanemayo tinamubweza kunyumba.

Nkhani imene sitinagwirizanebe ndi ya nsima. Pafupifupi tsiku lililonse pamabwera munthu, kawirikawiri bambo wachikulire, amene amasankha chambo chake bwinobwino, kenaka n'kufunsa kuti, “Nanga nsima palibe?” Alamu akuti tikayamba kuphika nsima tisanduka lesitilanti ngati ena onse a pamsika, ndipo anthu aiwala chimene anatidziwira. Ine ndikuyang'ana mabuku ndikuona kuti ufa ndi wotchipa kuposa mafuta, ndi kuti bambo wotereyu akapanda kupeza nsima amagula nsomba yokha n'kupita nayo kunyumba, tchipisi osachikhudza. Pakadali pano tagwirizana kuti msika wa fodya ukadzatsegulidwa tidzayese mphika umodzi wa nsima masana a Loweruka okha, ndipo ine ndatsegula kale tsamba lapadera m'buku loti ndidzalembemo mbale zimene zidzatuluke.