Nissan 1400 yanga: za kabureta tathana nazo, zatsala za majeti

Injini ya A14 ya bakkie yanga ya Nissan 1400 yabwerera m'malo mwake. Hedi inapalidwa pang'ono, mabowo olowera mpweya tinawasalaza, camshaft ndi ina yotsegula mavalavu nthawi yotalikirapo, ndipo kumbali yotulukira utsi kuli branch, manifodi ya mapaipi anayi. Kabureta ya Hitachi imene inali pa bakkie imeneyi inkayenda bwino m'tauni, koma singano ikadutsa ma rev 5,000 injini inkamveka kubanika.

Ku garaja ya ku Kalingalinga, mu Lusaka, kumene ndimabwereka zida aliyense anali ndi yankho lake pa funso la kabureta yoti ndiike m'malo mwa Hitachiyo. Mnyamata wina anati, "Amdala, ikani 38 basi, muone mmene iulukire." Ankanena Weber 38 DGAS, ija inkaikidwa pa Ford V6 ya malita 3. Ine ndinatenga pepala kaye.

Masamu ake ndi osavuta. Injini ya 1,397 cc ndi ma cubic inch 85. Mukachulukitsa 85 ndi ma rev apamwamba amene mukufuna, kwa ine 6,500, n'kugawa ndi 3,456, mupeza 160. Koma silinda siidzaza mpweya mpaka pakamwa, choncho ndinatenga 85 peresenti ya nambalayo, n'kutsala ndi ma cfm 136 okha, kutanthauza ma cubic feet a mpweya umene injini imakoka pa mphindi imodzi. Yerekezani ndi V8 ya ma cubic inch 350, imene pa ma rev 6,000, pa masamu omwewo, imafuna pafupifupi 520. Kainjini kanga sikangamalize mpweya umene 38 imatsegulira nthawi imodzi, chifukwa makomo ake onse awiri olowera mpweya amatseguka pamodzi.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kupatula kapampu kakang'ono kamene kamathira petulo ukaponda mwadzidzidzi, palibe chokankhira mafuta mu injini. Mpweya ndi umene umatsopa petulo ku jeti, kabowo kakang'ono kodutsira petulo, podutsa pakhosi lopapatiza la venturi, ndipo umatsopa mwamphamvu ukamathamanga. Zili ngati paipi yothirira dimba: ukatseka kukamwa kwake ndi chala madzi amafika patali, ukachotsa chala amangogwera kumapazi. Khosi likakula kwambiri, pa ma rev otsika mpweya umayenda mwaulesi, petulo samwazika bwino, ndipo ukanyamuka pa maloboti galimoto imayamba yadzuma kaye isanakoke. Pa Great East Road nthawi yoweruka, pamene umangoyenda mu giya yoyamba ndi yachiwiri, zimenezo n'zotopetsa.

Ndiye ndaika Weber 32/36 DGV. Khomo loyamba ndi la mamilimita 32, lachiwiri 36, ndipo lachiwirilo limadikira mpaka phazi litalowa pafupifupi magawo awiri mwa atatu. M'tauni injini ikupumira khosi limodzi laling'ono, pa msewu wautali onse awiri.

Makabureta awiri a Weber DCOE 40 ndinawasirira, sindikana. Kulira kwake kokha kumakomera mtima, ndipo venturi zake zimachotseka, munthu n'kuikamo za mamilimita 30 zoyenera silinda ya 350 cc. Koma amafuna manifodi ina, amafuna kuwalinganiza pafupipafupi kuti azikoka mofanana, ndipo ndi fumbi la kuno la mu Seputembala ndi Okutobala, timasefa take tating'ono tija sindikutikhulupirira.

Chimene chandidyera nthawi ndi majeti. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndi 12 peresenti kapena chapompo. Kabureta yochunidwira ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, ikafika kuno imathira petulo wambiri kuposa mpweya umene ulipo. Yanga inabwera ndi main jet, jeti yaikulu, ya saizi 140 mbali zonse. Nditayenda nayo pa Leopards Hill Road, ndinazimitsa injini ili pa liwiro n'kumasula mapulagi asanazizire: onse anayi anali akuda bii, mwaye wouma wosiya chizindikiro pa chala, ndipo kumbuyo kunkanunkha petulo wosapsa. Ndatsitsa ya khomo loyamba kufika 130. Tsopano nsonga za mapulagi zayamba kuoneka zofiirira, ndipo kudzuma kuja ponyamuka kwatha.

Kakadalipo kakuzengereza kochepa pamene khomo lachiwiri likutseguka. A makanika akuti ndi timing, nthawi imene mapulagi amathetheka moto, ine ndikukayikira jeti ya idle, yaing'ono yogwira ntchito khomo likangoyamba kutseguka, ya mbali imeneyo, koma sitikangana popanda geji. Ndaitanitsa wideband, geji yoyeza kuchuluka kwa mpweya pa gawo limodzi la petulo, kuti ndione ngati ndikaponda mpaka pansi ikuwerenga pakati pa 12.5 ndi 13. Ndikufunanso regulator yochepetsa mphamvu ya pampu ya petulo, poti Weber safuna mafuta okankhidwa kupitirira ma psi 3 kapena 3.5. Zonsezi zikafika, ndikaiyesera pa chikweza cha Munali popita ku Mazabuka, mu giya yachinayi, kumbuyo kuli matumba a simenti.