Madigiri 330 ndi ndege imene inapitirira kwawo

Sabata ziwiri zathunthu ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa back bearing mu jogalafe, kutanthauza kupeza madigiri a njira yobwerera kumene wachokera. Lamulo lake ndi lalifupi: nambala ikaposa 180 uchotseko 180, ikachepera uwonjezere 180. Ndinaliloweza ngati ndakatulo ya ku pulayimale ndipo mafunso ndimakhoza, koma mukanandifunsa kuti ntchito yake n'chiyani, ndikanangodzikanda m'mutu. Mnzanga wa pagulu lathu lowerengera ndiye anandiuza kuti ndifufuze za ndege ina ya asilikali a ku America yotchedwa Lady Be Good. Usiku umenewo ndinagona tambala atalira kale, bandulo itatheratu.

Inali ndege yoponya mabomba ya mtundu wa B-24, ya injini zinayi. Pa 4 Epulo 1943, Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse ili mkati, inanyamuka pa bwalo la Soluch, kufupi ndi Benghazi ku Libya, kukaphulitsa doko la Naples ku Italy. Munali anyamata 9, woyendetsa wake ali William Hatton, ndipo kwa onsewo uwu unali ulendo woyamba wopita kunkhondo. Ananyamuka m'chimphepo cha mchenga, n'kusiyana ndi anzawo, moti pobwerera usiku anali okhaokha pamwamba pa nyanja ya Mediterranean.

Cha pakati pa usiku Hatton anaitana pa wailesi kuti chipangizo chawo cholozera njira chafa, amuuze kumene ali. A pa siteshoni ya wailesi ya Benina, kufupi ndi Benghazi, anamuyankha kuti ali pa madigiri 330 kuchokera pa siteshoniyo.

Apa m'pamene ndinaimitsa kuwerenga n'kutenga pepala. Ndinalemba kadontho pakati koimira siteshoniyo, n'kuyeza 330 ndi protractor, mzere n'kuloza kumpoto chakumadzulo, kunyanja, kumene ndege yochokera ku Naples iyenera kutulukira. Kenako ndinaupitiriza mzere womwewo kudutsa kadontho kaja, n'kutulukira mbali inayo. 330 kuchotsa 180 ndi 150: kumwera chakum'mawa, m'chipululu. Mlongoti wa siteshoniyo unkatha kuona mzere umene ndege ili, koma sunkasiyanitsa ngati ili kutsogolo kapena kumbuyo. Ambiri ofufuza amakhulupirira kuti nthawi imeneyo n'kuti ndegeyo itadutsa kale bwalo lake mumdima. Nambala imene anamva inangogwirizana ndi zimene iwo ankaganiza kale, zoti akadali panyanja, ndiye anangopitirira osakhota. Maola awiri ena akuuluka kulowa mu Sahara.

Mafuta atatsala pang'ono kutha, cha m'ma 2 koloko usiku, analumpha ndi maparachuti atavala majekete oyandamitsa pamadzi. Ankayembekezera kugwera m'nyanja, koma anagwera pouma. Amene anapita kukawasaka nawonso analimbikira kuyang'ana kunyanja komweko.

Mmodzi wa iwo, John Woravka, anafera pomwepo chifukwa parachuti yake sinatseguke bwino. Asanu ndi atatu otsalawo anapezana mumdima poombera mfuti ndi kuyatsa miuni, n'kuyamba kuyenda kulowera kumpoto poganiza kuti gombe lili pafupi. Gombelo linali pa mtunda woposa makilomita 600. Madzi amene anali nawo onse pamodzi anali theka la botolo limodzi la asilikali. Robert Toner, wothandizira woyendetsa, ankalemba kabuku tsiku ndi tsiku, ndipo m'menemo ndi mmene muli muyeso wawo: chotsekera botolo chimodzi, munthu aliyense, patsiku.

Ndinadzuka n'kukatunga madzi m'chotsekera cha botolo langa lakusukulu. Ndinamwa. Sanafike n'komwe kukhosi, anangothera pa lilime. Ndi madzi amenewo anthu aja anayenda makilomita pafupifupi 130, masana dzuwa likuswa mtengo (kungoti mtengowo kunalibe), usiku akunjenjemera ndi chisanu. M'njira ankasiya nsapato ndi zidutswa za parachuti, atazitsindira ndi miyala ngati mivi yoloza kumene alowera. Asanu atalephereratu kuyenda, atatu, Guy Shelley, Harold Ripslinger ndi Vernon Moore, anapitiriza kukafuna thandizo. Toner analemba komaliza pa 12 Epulo, mawu ochepa chabe, oti thandizo silinabwere ndipo usiku kunazizira kwambiri.

Chimene chikundiwawabe n'chakuti ndege ija atailumpha sinaphulike. Inauluka yokha makilomita ena pafupifupi 26 kulowera kumwera, n'kutera chamimba, n'kuthyoka pawiri. Anthu ofufuza mafuta a kampani ya ku Britain anaiona ali m'mwamba mu 1958, ndipo ena atafikapo pansi mu 1959 anapeza muli madzi, chakudya, ndi wailesi yogwirabe ntchito. Pagulu lathu tinakangana pa mfundo imeneyi. Wina ankati akanangotsata ndegeyo akanapulumuka. Ine sindikuwaimba mlandu. Munthu amene akukhulupirira kuti kwawo kuli kuseri kwa chulu chotsatira sangatembenuke kukasaka chitsulo chimene akuganiza kuti chapsa. Ndiponso za madzi a m'ndegemo tikuzidziwa ife, amene tikuwerenga titakhuta nsima.

Kale ndinkaganiza kuti ndege za nkhondo zinkagwa chifukwa chowomberedwa basi. Iyi palibe anaiwombera. Panali mchenga, mdima, chipangizo chimodzi chakufa, anyamata osazolowera, ndi mzere umodzi wokhala ndi mbali ziwiri. Funso la back bearing limene ndinalakwa mwezi watha, pamene ndinawonjezera m'malo mochotsa n'kupeza 510, aphunzitsi anangolizungulira ndi cholembera chofiira. Tsopano ndisanawerengere chilichonse ndimayamba ndajambula mzere wonse, mbali zonse ziwiri, kenako n'kudzifunsa kuti ndaima kuti.

Matupi a asanu aja anapezeka mu Febuluwale 1960, ali pamodzi, kabuku ka Toner kali pomwepo. Shelley ndi Ripslinger anapezeka mu Meyi chaka chomwecho, aliyense payekha, patsogolo ndithu mkati mwa milu ya mchenga ya Calanscio. Woravka anapezeka mu Ogasiti. Zotsala za ndegeyo boma la Libya linazichotsa m'chipululu mu 1994 n'kupita nazo ku mzinda wa Tobruk. Vernon Moore, mmodzi wa atatu amene anapita kukaitana thandizo aja, mpaka lero sanalengezedwe kuti anapezeka.